Alonda a nyanja imene a ku Nkhorongo saiona

Ku Nkhorongo, mumzinda wa Mzuzu, nyanja sioneka. Ukaima pamsewu m'mawa wa mwezi wa Juni, chimene umaona ndi chifunga chitakuta madenga a malata, ana a sukulu atabisa manja m'majuzi, ndi anyamata a kabaza akuwothera kadzuwa podikira okwera. Mzinda wa Mzuzu uli pamwamba, mamita opitirira 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe nyanja ya Malawi ili kumunsi, kuseri kwa mapiri a Kaning'ina, makilomita pafupifupi 50 ukatsata msewu wa M5 wotsikira ku Nkhata Bay. Koma dzuwa likapendeka nyanjayo imabwera yokha. Imabwera m'mabeseni ndi m'matumba: usipa wouma woikidwa timilu pabenchi, utaka, mwina batala wowamba amene fungo lake limakuitana usanaone n'komwe wogulitsa.

Mayi amene akunenerera mtengo wa kamulu ka usipa sanayambe wakwerapo boti la asilikali, ndipo mwina sanalionepo ndi maso. Msilikali amene iye amamudziwa ndi wa ku Moyale, wovala jombo, woyenda pamtunda. Chikhalirecho msonkho wake unagula nawo maboti ankhondo, ndipo ndiwo zake za madzulo zimachokera m'madzi amene mabotiwo anagulidwira kuti aziwalondera. Ali ndi ufulu wofunsa kuti mabotiwo ndi otani, amakhala kuti, nanga amagwira ntchito yanji.

Asilikali a pamadzi m'dziko lopanda gombe

Alendo amaseka akamva kuti Malawi, dziko lozunguliridwa ndi maiko ena mbali zonse, lili ndi asilikali a pamadzi. Amasiya kuseka akaiona nyanjayo. Kutalika kwake ndi makilomita opitirira 560, m'lifupi imafika 75 pamalo ena, ndipo kumpoto kwa Nkhata Bay kuya kwake kumafika mamita pafupifupi 700. Mwera ukayamba kuwomba pakati pa Meyi ndi Ogasiti, umakankha madzi kuchokera kummwera mtunda wonsewo, ndiye pofika kumpoto mafunde amakhala atakula msinkhu.

Likulu la asilikali a pamadzi lili ku Monkey Bay m'boma la Mangochi. Kwa zaka zambiri gululi linkadziwika kuti Marine Unit, pano limatchedwa Malawi Maritime Force. Boti limene linanyamula dzina la gululi kwa nthawi yaitali ndi Chikala, la mamita 21, lopangidwa ku France, lomwe linayamba ntchito mu 1985 ndipo pambuyo pake linasinthidwa dzina n'kukhala Kasungu. Mu 1988 dziko la South Africa linapereka lina laling'ono la mtundu wa Namacurra, umene kwawoko amalonderera madoko. Kwa zaka zoposa 20 mphamvu zathu pamadzi zinali zomwezo, kuphatikizapo timaboti tating'ono tothandizira.

Zinthu zinasintha mu 2013, pamene boma la Joyce Banda linagula maboti 7 a mtundu wa Guardian BR850 kuchokera ku kampani ya Nautic Africa ya ku Cape Town, imene inalowa m'manja mwa Paramount Group. Awa si zombo zikuluzikulu ayi. Lililonse ndi la mamita 8.5, thupi lake ndi la aluminiyamu, lopepuka, losalowa kwambiri m'madzi, lopangidwira kuthamangitsa ndi kutsekereza. Ubwino wake wina ndi wakuti likhoza kukwezedwa pangolo n'kukokedwa ndi galimoto, lero lili panyanja, mawa lili pamtsinje wa Shire. Kumapeto kwa 2019 Pulezidenti Peter Mutharika anakakhazikitsanso ku Monkey Bay zombo zina zokulirapo zopangidwa ku China.

Kugula kwa 2013 kunasiya fungo. Kunachitika nthawi imene dziko linali pa chipwirikiti cha Cashgate, ndipo ndege ya pulezidenti ya mtundu wa Dassault Falcon, yomwe inagulitsidwa chaka chomwecho pamtengo wa madola 15 miliyoni, ndalama zake zinamveka kuti zinapita kukachepetsa ngongole ya zida kwa Paramount. Boma lotsatira linadandaula poyera za mgwirizanowo. Anthu ambiri amakumbukira ndegeyo kuposa mabotiwo, ndipo n'zomvetsa chisoni, chifukwa funso lakuti dziko likufunika maboti otani silinakambidwe modekha. Linamira m'phokoso la ndale.

Mfuti ya ku Mangochi

Maboti ankhondo si achilendo panyanjayi. Mu 1893 Angelezi anabweretsa awiri, Pioneer ndi Adventure, polimbana ndi mafumu ogulitsa akapolo monga Makanjira, amene ankawolotsa anthu pazombo za matanga. Chaka chomwecho Ajeremani nawo anaika chawo, Hermann von Wissmann. Kenako kunabwera Guendolen, chimene chinalowa m'madzi mu 1899.

Nkhani ya Guendolen imamveka ngati nthano ya kumowa, koma inachitikadi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu Ogasiti 1914, kaputeni wake, Edmund Rhoades, analamulidwa kukawononga chombo cha Ajeremani. Anachipeza ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania, chitakokeredwa pamtunda kuti chikonzedwe. Anachiwombera. Kaputeni wa Chijeremani, Berndt, anali bwenzi lake lomwera limodzi, ndipo uthenga woti kwayamba nkhondo unali usanamufike. Akuti anapalasa kaboti kubwera kudzakalipa, akuganiza kuti mnzakeyo waledzera, n'kungopezeka wagwidwa ukaidi. Ambiri olemba mbiri amati kumeneku kunali kupambana koyamba kwa Britain pamadzi m'nkhondo yonseyo. Mfuti ya Guendolen ilipo mpaka lero ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, ndipo nyumba yosungiramo mbiri ya nyanja m'tauniyo imaonetsa mmene kutsogolo kwa chombocho kunalili.

Ana a sukulu a kumpoto amaphunzira za nkhondo ya ku Karonga ya mu Sepitembala 1914, koma ochepa amauzidwa kuti Angelezi anatha kutumiza asilikali ndi katundu kumeneko mosadodoma chifukwa nyanja inali m'manja mwawo.

Ufulu utabwera, maboti oyamba a Malawi anachokera kwa Apwitikizi, amene anali ndi malo a asilikali a pamadzi ku Metangula, tsidya la Mozambique, komwe ankalimbana ndi Frelimo. Mu 1968 anapereka boti lomwe linatchedwa John Chilembwe, kenako lina lotchedwa Chibisa. Dzina la munthu amene anafera kukana atsamunda linalembedwa pa boti la atsamunda. Ndale za Kamuzu zinali choncho. Amalawi ogwira ntchito m'mabotiwo poyamba sanali asilikali koma a Payoniya, ndipo udindowu unapita kwa asilikali mu 1978. Anthu akuluakulu a ku Mzuzu akudziwa mmene nkhani ya Payoniya inathera: mapeto ake anayambira mumzinda momwemu mu Disembala 1993, a Payoniya atawombera asilikali a ku Moyale, n'kubuka Operation Bwezani.

Malire amene sagona tulo

Chifukwa chenicheni chimene Kamuzu anafunira maboti mu 1968 n'chomwecho chimene chinapangitsa boma kuthamangira kugula mu 2013: mkangano wa malire ndi Tanzania. Malawi amaima pa pangano la Heligoland la pa 1 Julayi 1890 pakati pa Britain ndi Germany, lomwe linaika malire pagombe la kum'mawa, kutanthauza kuti madzi onse a chigawo cha kumpoto ndi athu. Tanzania, kuyambira mu 1967, imanena kuti malire ayenera kudutsa pakati pa nyanja monga zilili m'nyanja zina za pakati pa maiko. Ndi Mozambique nkhaniyi inatha kale mu 1954, pamene Britain ndi Portugal anagwirizana kugawana madzi, zilumba za Likoma ndi Chizumulu n'kutsala za Malawi ngakhale zili m'madzi a eni ake.

Mkanganowu unagona zaka zambiri, mpaka fungo la mafuta linaudzutsa. Mu 2011 boma linapereka chilolezo kwa kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum kuti ifufuze mafuta pansi pa nyanja kumpoto. Chaka chotsatira Tanzania inati ntchitoyo iime, ndipo Edward Lowassa, yemwe ankatsogolera komiti ya zachitetezo m'nyumba ya malamulo ya dzikolo, analankhula mawu osonyeza kuti asilikali awo ndi okonzeka. Ku Karonga anthu anagona ndi diso limodzi. Mu Ogasiti 2012 nthumwi za maiko awiriwa zinakumana ku Mzuzu konkuno, koma sizinamvane. Nkhani inapita kwa atsogoleri opuma, Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, ndipo pofika 2014 zokambiranazo zinali zitaima.

Tinene zoona: palibe munthu wanzeru amene amaganiza kuti maboti a mamita 8.5 angaweruze mlandu umenewu. Tanzania ndi dziko lalikulu, la asilikali ambiri, komanso ndi njira imene mafuta athu a galimoto amadzera kuchokera ku Dar es Salaam kudutsa pa Songwe. Nkhondo ingatipweteke tisanawombe n'komwe chipolopolo. Ntchito ya boti lolondera pankhani ya malire ndi ina. M'milandu ya malire, oweruza amayang'ana mapangano, komanso amayang'ana amene wakhala akuonetsa ulamuliro pamalopo: amene amapereka ziphaso, amene amagwira ophwanya malamulo, amene amabwera anthu akamira. Boti looneka pa Usisya kapena pa Kaporo mwezi ndi mwezi, mbendera ili petupetu, limanena zambiri kuposa chikalata chowerengedwa pa wailesi.

Usiku pamadzi

Amene anagonapo ku Nkhata Bay mwezi uli mumdima akudziwa mmene nyanja imaonekera: nyali mazanamazana zitandandalika kutali ngati kuli mzinda wina. Amenewo ndi asodzi a usipa. Siginala amakhala m'bwato lake ndi nyali, kuitana nsomba, anzake n'kuzungulira ndi ukonde wa chilimira. Kale zinali nyali za parafini, pano ambiri akugwiritsa ntchito mababu a batire.

Tsono ganizirani woyendetsa boti la asilikali amene akudutsa pakati pa nyali zimenezo. M'kachipinda kake muli rada, wailesi, GPS ndi chida choyezera kuya kwa madzi. Rada imaona bwino chombo chachitsulo, koma bwato logoba, lotsika, lamtengo, limabisala m'mafunde osaoneka pagalasi. Choncho maso a munthu woima kutsogolo amakhalabe ofunika kuposa makina. Akafuna kuyandikira bwato, sangabwere ndi liwiro, chifukwa funde la boti lake lomwe likhoza kugubuduza anthu amene wabwera kudzawafunsa. Amachepetsa moto patali, amayang'ana kumene mphepo ikuchokera, amasamala kuti maukonde asakulunge chopalasira cha injini. Ukonde ukakola pamenepo, boti la mamiliyoni limangoyandama, wina n'kuvula malaya kulowa m'madzi ndi mpeni. Mfuti ili kutsogoloko, yokutidwa ndi lona, ndipo masiku ochuluka ntchito imatha isanavundukulidwe.

Kodi amafuna chiyani pakati pa nyalizo? Lamulo la usodzi lili m'manja mwa Dipatimenti ya Usodzi, ndipo apolisi ali ndi nthambi yawo ya pamadzi. Koma nthambi zimenezi zimafuna msana, makamaka pamene ophwanya lamulo ali ndi maboti a injini zamphamvu. Pali maukonde a maso aang'ono, pali maneti a udzudzu amene amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, pali zombo zokoka makoka zimene zimalowa m'madzi osaya momwe chambo chimaswerana, pali osodza nyengo yotseka imene imayamba mu Novembala. Chambo chinayamba kusowa anthu akuona. Lero m'nyumba zambiri za ku Nkhorongo, Luwinga ndi Chibavi chambo ndi ndiwo za mlendo wolemekezeka, ndipo ngakhale usipa, umene unali ndiwo za amphawi, kamulu kake kakunka kachepa.

Pano mpofunika chilungamo. Malo amene nsomba zatetezedwa bwino kwambiri panyanjayi si amene pali mfuti. Pachilumba cha Mbenje ku Salima, ufumu wa Makanjira wa kumeneko wakhala ukutseka usodzi miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera. Ku Nkhata Bay makomiti a m'midzi, mothandizana ndi bungwe la Ripple Africa, akhala akulanda okha maukonde oletsedwa. Mfumu ndi komiti zimagwira ntchito pagombe, pamene aliyense amadziwana. Pakati pa nyanja, makilomita 20 kuchokera kumtunda, mawu a mfumu safika. Pamenepo mpamene pamafunika boti.

Anthu amene nyanja inawatenga

Ntchito ina ndi yosautsa kuikamba. Mu Juni 2012 boti lodzaza ndi anthu ochokera ku Ethiopia linagubuduzika m'madzi a ku Karonga usiku, ndipo mitembo yoposa 40 inavuulidwa. Anali paulendo wopita ku South Africa, ndipo owazembetsa anasankha nyanja pothawa zipata za apolisi pamsewu wa M1. Njira imeneyo sinatsekeke. Manda a anthu pafupifupi 30 amene anapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022 anakumbutsa anthu a ku Mzuzu kuti malonda a anthu akudutsa pakhomo pawo, pamtunda ndi pamadzi pomwe.

Komanso si alendo okha amene amamira. Pa Isitala ya 2017 boti lonyamula anthu ochokera kumapemphero linagubuduzika kufupi ndi Mlowe m'boma la Rumphi, anthu n'kutaya miyoyo. Gombe la pakati pa Nkhata Bay ndi Chiweta ndi la mapiri ogwera m'madzi. Ku Ruarwe ndi ku Tcharo galimoto sifika, ku Usisya imafika movutikira, ndiye boti ndiye basi, ndiye ambulansi, ndiye lole ya simenti. Limanyamula mopitirira muyezo chifukwa lina silibwera msanga, ndipo majekete oyandamitsa munthu amakhala ochepa kapena osakhalapo. Akuluakulu amakumbukiranso Vipya, sitima imene inamira pa 30 Julayi 1946 ikuchokera ku Mbamba Bay kulowera ku Florence Bay, dera la Chitimba, n'kupha anthu 145. Imeneyonso inali nyengo ya mwera, ndipo anali madzi a kumpoto.

Mukayika ngozi zimenezi pamapu, mukuona chinthu chimodzi. Madzi akuya ali kumpoto. Malire okanganirana ali kumpoto. Njira ya ozembetsa anthu ili kumpoto. Midzi yodalira boti pa chilichonse ili kumpoto. Likulu la maboti lili kummwera kwenikweni, pamtunda umene sitima ya Ilala imanyamuka Lachisanu n'kukafika ku Chilumba Lamulungu. Zifukwa zake zilipo ndipo n'zomveka: Monkey Bay ndi doko lobisika bwino ku mphepo, ndi kumene kuli malo okonzera zombo, ndi kumene kuli sukulu ya oyendetsa sitima. Koma munthu amene ali m'madzi ozizira atagwira chigubu sadikira tsiku lathunthu. Ku Chilumba kuli kale malo a asilikali ndiponso doko. Maganizo anga ndi akuti mphamvu zochuluka za maboti opulumutsa ndi olondera ziyenera kukhala kumeneko ndi ku Nkhata Bay chaka chonse, ndi mafuta ake, amakaniki ake ndi nambala ya foni imene msodzi aliyense akuidziwa pamtima.

Kumene mabotiwa aonetsa phindu lawo poyera ndi kumadzi osefukira. Mu Januwale 2015 ku Nsanje ndi ku Chikwawa, komanso mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anapha anthu opitirira 1,000, anali asilikali ndi maboti awo amene ankatsitsa anthu m'mitengo ndi pamadenga. Pantchito yotere chombo chachikulu cha mfuti chilibe gawo. Amafunika maboti aang'ono, opepuka, okwezeka palole. Aliyense wokonza bajeti ya chitetezo aziyamba wakumbukira zimenezo.

Walira mvula walira matope

Mnyamata aliyense wa kabaza ya njinga yamoto pa siteji ya Nkhorongo angakuuzeni kuti kugula njinga ndi tsiku limodzi, koma kuiyendetsa ndi tsiku lililonse: mafuta, oyilo, tcheni, matayala. Boti lolondera n'chimodzimodzi, kungoti limamwa moopsa. Injini zothamanga zimatha mafuta ambiri pa ola limodzi, ndipo zipangizo zake sizipezeka ku Zigwagwa kapena ku Limbe. Zimaitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja. M'dziko limene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, momwe magalimoto agona pamizere ya mafuta kangapo m'zaka zapitazi, sipafunika mneneri kuti adziwe chimene chimavuta. Boti lomangidwa padoko chifukwa chosowa dizilo limaoneka bwino pachithunzi, koma wozembetsa anthu amadziwa kuti silinyamuka.

Pali vuto linanso limene maiko a m'mbali mwa nyanja yamchere salidziwa. Chombo chathu sichingabwere chikuyandama kuchokera kumene chinapangidwa, chifukwa mathithi a Shire, kuyambira cha ku Matope mpaka ku Kapichira, salola. Chilichonse chimabwera pamtunda. Ilala inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Chombo chikawonongeka sungachitumize kwa amene anachipanga. Amisiri ake ayenera kukhala konkuno. Mwayi wathu ndi woti madzi a nyanjayi alibe mchere, sadya chitsulo msanga. N'chifukwa chake Ilala yadutsa zaka 70 ikuyendabe, ndipo boti losamalidwa bwino lingatumikire mibadwo iwiri ya asilikali.

Tsiku lokhazikitsa chombo limakhala ndi bandi, riboni ndi zolankhula. Chimene nyumba ya malamulo iyenera kumafunsa chaka ndi chaka ndi china: mwa maboti amene tinagula, ndi angati amene injini zake zikulira, anakhala pamadzi masiku angati, anafika kangati kumpoto kwa Nkhata Bay, anapulumutsa anthu angati. Mayankho a mafunso amenewa saulula chinsinsi cha nkhondo kwa mdani aliyense. Ku Mzuzu University, pafupi pomwepa ku Luwinga, kuli ophunzira za usodzi ndiponso za chitetezo amene angathe kuwerengera bwino ziwerengero zoterezi atazipatsidwa.

Pakadali pano tsidya linalo anthu sakugona. Tanzania yakhala ikumanga doko latsopano ku Mbamba Bay, moyang'anizana ndi Nkhata Bay, ngati gawo la njira ya malonda yochokera ku Mtwara pagombe la Indian Ocean, ndipo ili kale ndi zombo zake zonyamula anthu ndi katundu zoyenda kuchokera ku Itungi ndi Kiwira. Boma la Malawi linadandaula mu 2024 kuti ntchito ya dokolo ikukhudza madzi ake, koma ntchito sinaime. Dokolo likatha, zombo zodutsa pakati pa nyanja zidzachuluka, katundu wina adzatsikira ku Nkhata Bay n'kukwera phiri kudzera pa M5 kubwera ku Mzuzu, ndipo zonsezi zidzachitika m'madzi amene mkangano wake Chissano ndi anzake anausiya usanathe.